Dzina la Chauta ndi Mayina a Ana a ku Gombe la Salima

Kuchokera ku Chipoka, kudzera ku Senga Bay ndi ku Lifuwu mpaka kukafika ku Chikombe, gombe la boma la Salima ndi malo amene Achewa, Ayao, Atonga ndi anthu a mitundu ina akhala moyandikana kwa zaka zambiri. Nsomba ndi malonda a panyanja ndi zimene zinawasonkhanitsa, kenaka njanji imene inafika ku Salima mu 1935 inabweretsa enanso. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'bomali munali anthu oposa 478,000. Mukaima pa doko m'mamawa, maboti a usipa akamakocheza, mumamva mayina akuitanidwa uku ndi uku. Wina akuuza Alinafe kuti abweretse chidebe, wina akukalipira Abudu kuti wachedwa kumangirira boti, wina akufunsa ngati Shadreck watsika kale, kwinaku Issa ndi Emmanuel akuyanika chilimira chimodzi.

Ambiri mwa mayinawa ali ndi Mulungu m'kati mwake, ndipo ena ali ndi milungu imene eni mayinawo sanaimvepo n'komwe. Koma n'kovuta kwambiri kupeza kholo limene linatcha mwana wake kuti Chauta, Namalenga, Mphambe, Allah kapena Yesu. Ku India, makolo achihindu amatcha ana awo Krishna, Lakshmi, Ganesh kapena Parvati, mayina enieni a milungu imene amaipembedza, ndipo kwa iwo kuitana mwanayo ndi kutchulanso mulunguyo, choncho ndi dalitso. Ku Mexico ndi ku Spain, Jesús ndi dzina wamba la anyamata. Kuno kwathu anthu a chipembedzo cha makolo, Asilamu ndi Akhristu, amene amasiyana pa zinthu zambiri, anafika pa mfundo imodzi popanda kukhalirana pansi. Mwana akhoza kukhala mphatso ya Mulungu, kapolo wa Mulungu, kapena umboni wa zimene Mulungu wachita, koma dzina la Mwiniwakeyo salisenza.

Dzina lili ndi mwini

Achewa sanasowepo mayina otchulira Mulungu. Namalenga ndi amene analenga zonse. Mphambe amamveka m'bingu ndi kuoneka m'ching'aning'ani. Chisumphi ndi dzina limene linkatchulidwa kwambiri ku akachisi opempherako mvula. Chauta ndi Leza ndi mayina amene ambiri amawalumikiza ndi utawaleza, uta waukulu uja umaoneka kumwamba mvula ikamakata. Mulungu ndi dzina limene timagawana ndi mitundu yambiri ya kum'mawa kwa Africa. Mayina onsewa anthu ankawatchula pa nthawi yake: pa chilala, pa mliri, pothira nsembe, kapena munthu akapulumuka m'kamwa mwa ng'ona. Sankawawaza paliponse.

Kuti timvetse chifukwa chake mayinawa sanatsikire pa ana, tiyenera kuona kaye mmene Mchewa amalionera dzina. Mfumu ikamwalira, amene mbumba yamusankha amalowa dzina. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake lakale limagona, iye n'kukhala munthu uja anayamba ufumuwo. Milandu imene malemu anaisiya ndi yake, malire a dziko ndi ake, ubale wa malemu ndi wake. Ngati amene anayamba mayina awiri a ufumu anali munthu ndi mng'ono wake, olowa mayinawo amaonanabe ngati mkulu ndi mng'ono ngakhale patapita mibadwo yambiri. Dzina la Kalonga linayenda motero. Likulu la Amaravi linali ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kum'mwera kwa boma la Salima, kumene katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anapeza mikanda yagalasi, minyanga ya njovu, mkuwa ndi mapale a mbale za ku China. Kumeneko kunkakhala Kalonga, Nyangu wa mfunda wa Phiri amene ankabereka mafumu, ndi Mwali wa mfunda wa Banda. Anthu ankafa, mayinawo n'kumapitirira. Mpaka lero m'boma la Salima muli mfumu yaikulu yotchedwa Kalonga, ndipo Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete, chaka ndi chaka m'mwezi wa Ogasiti.

Ngakhale pa khanda, dzina linkabwera ndi mwini wake. Mwana ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo akatuluka ndi pamene wachibale ankamutcha dzina. Akamalira usiku wonse osatonthola, kapena akamadwaladwala, akuluakulu ankapita kukaombeza ula, ndipo nthawi zina yankho linkakhala lakuti agogo akutiakuti amene anatisiya akufuna dzina lawo lidzuke. Mwanayo akapatsidwa dzinalo, ena m'banjamo ankayamba kumupatsa ulemu wa agogowo. Tsono ngati kutenga dzina ndi kukhala pa mpando wa mwini dzinalo, ndani angalowe dzina la Chauta? Dzina limalowedwa mwini wake akamwalira. Chauta samwalira, ndiye kuti mpando wake sukhala wopanda munthu.

Palinso nkhani ya ulemu. Kwathu kuno wamkulu satchulidwa dzina. Timamuitana ndi mfunda wake, a Phiri, a Banda, a Mbewe, Naphiri, Nabanda, kapena timadzera mwa mwana wake n'kunena kuti make Chisomo, bambo a Dalitso. Mkamwini satchula dzina la apongozi ake. Mnyamata amene walowa gule kudambwe, kapena amene wavinidwa ku jando, amatuluka ndi dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi dzina laubwana ndi chipongwe chimene chingafike kubwalo. Pamene dzina la munthu wamkulu limatetezedwa chotere, la mwana limakumana ndi zambiri. Limaitanidwa mokalipa, limatukwanidwa pa ndewu ya pachitsime, limatchulidwa pa mlandu wa kuba, ndipo tsiku lina limalengezedwa pa uthenga wa maliro. Makolo athu sakanalola kuti pamudzi pamveke mawu akuti Namalenga waba nkhuku, kapena akuti Chauta wamwalira usiku wathawu. Ine ndimaona kuti apa m'pamene pagona chifukwa chachikulu, ndipo ndi chifukwa cholemera.

Ngakhale anthu amene ankatumikira pa akachisi, oyandikira kwambiri kwa Mulungu m'maso mwa anthu, ankadziwika ndi mayina osonyeza ubale kapena ntchito yawo. Ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, mayi woyang'anira kachisi wa mvula ankatchedwa Makewana, mayi wa ana onse. Sankakwatiwa ndi munthu, ndipo akagwidwa ndi mzimu n'kuyamba kubwebweta, anthu ankamva mawu ake ngati uthenga wa Chisumphi. Atsikana omuthandiza ankatchedwa Matsano. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kuli kachisi wa Mbona, wovumbitsa mvula amene mbiri imati anaphedwa ndi adani ake, ndipo mayi amene amapatulidwa kukhala mkazi wa Mbona amalowa dzina lakuti Salima, lofanana ndi la boma lathuli. Nawonso ndi mayina olowa. Amati uyu ndi mkazi wa mzimu, uyu ndi mayi wa ana, uyu ndi wantchito wa pakachisi. Mwambo wodzera mwa amkhalapakati ukadalipo panyanja pano. Chilumba cha Mbenje, chimene chili m'manja mwa Mfumu Yaikulu Makanjira ya ku Salima, chimatsekedwa kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo kuti nsomba ziswane, ndipo potsegula akuluakulu amayamba apepesa mizimu ya makolo. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga. Pempho limakwera pang'onopang'ono, kuchoka kwa asodzi kupita kwa mfumu, kwa mfumu kupita kwa mizimu, kwa mizimu kukafika kwa Mwini nyanja.

Wosatchulidwa amene aliyense akumudziwa

Komabe Mulungu ali ponseponse m'mayina a Chichewa. Amalowamo osatchulidwa. Mwana akatchedwa Alinafe, palibe amene amafunsa kuti ali nafeyo ndani. Atikonda, watikondayo ndi wodziwika. Yamikani, Thokozani, Tamandani, Lemekezani ndi Tiyamike ndi mayina olamula mudzi wonse kuti uchite kanthu, ndipo woyamikidwayo sachita kumutchula. Mphatso ili ndi wopereka, Madalitso ali ndi wodalitsa, Pemphero lili ndi woyankha, Chisomo ndi Chifundo zili ndi kochokera. Ayao ali ndi Atupele, kunena kuti watipatsa, dzina limene dziko lonse linalizolowera kudzera mwa wandale Atupele Muluzi. Kachitidwe kameneka ndi kofanana ndi ka mayi waulemu amene amati "abwera" ponena za mwamuna wake, aliyense n'kudziwa amene wabwerayo.

Mayina otere achuluka kwambiri m'mibadwo yaposachedwapa. Kale mayina ambiri ankayankhula ndi anthu apamudzi, ndi mfiti zoganiziridwa, kapena ndi imfa imene. Mavuto, Masautso, Misozi, Maliro ndi Ndaziona ndi mayina a mabanja amene anaika ana ambiri m'manda. Mayi amene ana ake ankangomwalira ankatha kupatsa khanda dzina lonyazitsa kuti imfa ilinyalanyaze. Dzina la Kamuzu, mtsogoleri woyamba wa dziko lino, limakumbutsa kamuzu ka mankhwala kamene mayi ake anathandizidwa nako kuti aone mwana. Patapita zaka, mu 1955, banja lina la ku Lilongwe limene linali litataya ana aamuna awiri ali makanda linatcha mwana wotsatira kuti Lazarus, pokhulupirira kuti uyu yekha apulumuka. Mwanayo ndi Lazarus Chakwera, amene anadzakhala mtsogoleri wa dziko mu 2020. Chisoni chake ndi chomwe chija chinkabala mayina a Maliro ndi Misozi, koma tsopano kholo likuyang'ana kumwamba. Dzina la Lazaro limachokera ku dzina lachihebri lakuti Eleazara, lotanthauza kuti Mulungu wathandiza.

Kapolo wa Wachifundo

Chisilamu chinafika m'mbali mwa nyanja ino chisanafike Chikhristu cha amishoni. Cha m'ma 1840, Mswahili wina wamalonda a minyanga ndi akapolo, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota n'kukhala Jumbe woyamba. Kutsidya kwa nyanja, mfumu Makanjira ya Ayao a kumeneko inalowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo mafumu ena achiyao anatsatira. Madera a mafumu monga Maganga, Pemba, Ndindi ndi Bibi Kuluunda m'boma la Salima ali ndi Asilamu ambiri mpaka lero. M'dziko lonse, kalembera wa mu 2018 anapeza kuti Asilamu anali 13.8 peresenti, koma m'midzi yambiri ya kugombe kuno mzikiti ndi umene umadzutsa anthu m'bandakucha.

Chisilamu chinabwera ndi lamulo lomveka bwino pa nkhani imene Achewa ankaisunga mwa mwambo chabe. Mulungu ali ndi mayina okoma 99, ndipo njira yoyenera yoti munthu akhale ndi limodzi mwa mayinawo ndi kuika patsogolo pake mawu akuti Abd, kutanthauza kapolo kapena mtumiki. Abdullah ndi kapolo wa Allah, Abdul Rahman ndi kapolo wa Wachifundo chambiri, Abdul Karim ndi kapolo wa Wopereka mowolowa manja, Abdul Razak ndi kapolo wa Wodyetsa zolengedwa zonse. Kwa mwana wamkazi mawu ake ndi Amat, monga Amatullah, ngakhale kuti kuno atsikana ambiri amatchedwa mayina a amayi olemekezeka a m'mbiri ya chipembedzo: Amina, Patuma, Asiyatu, Mariamu, Hawa. Mabuku a hadisi amaphunzitsa kuti Abdullah ndi Abdul Rahman ndiwo mayina amene Mulungu amawakonda koposa. Amanenanso kuti Mtumiki Muhammad ankasintha mayina a anthu amene ankasonyeza ukapolo kwa china chake chosakhala Mulungu. Mmodzi mwa omutsatira ake odziwika, Abdul Rahman ibn Awf, analandira dzina limeneli atalowa Chisilamu, kusiya lakale.

Vuto limabwera ndi lilime la tsiku ndi tsiku. Dzina lalitali silikhalitsa pa doko. Abdul Razak amasanduka Abudu kwa anzake a m'boti, kapena Razaki kwa aphunzitsi ake kusukulu. Akadula kumapeto, pamatsala kapolo wopanda mbuye wake. Akadula kumayambiriro, pamatsala dzina la Mulungu lili lokha pa munthu, chinthu chimene makolo ake ankachipewa. Apa mashehe amasiyanitsa. Mayina ena monga Karim, Aziz ndi Rahim amanena makhalidwe amene munthu akhoza kukhala nawo pa muyeso wake, kupatsa, mphamvu ndi chifundo, ndipo ndi ololedwa. Koma Allah, Rahman, Khaliq amene ndi Mlengi, ndi Razzaq ndi a Mulungu yekha. N'chifukwa chake shehe wosamala amaumirira kuitana mwana wa ku madrasa ndi dzina lake lonse, ngakhale anzake onse akulidula. Kuyambira pamene boma linachita kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, nkhaniyi yakula, chifukwa dzina limene lalembedwa pa chiphaso ndi limene munthu adzayende nalo ku banki, ku chipatala ndi pa chisankho. Kholo limene likulembetsa mwana liyenera kuonetsetsa kuti mlembi walemba dzina lathunthu.

Mayina a m'Baibulo ndi milungu imene inabisalamo

Amishoni anazungulira dera lino kuchokera mbali zonse. A Livingstonia anayamba ku Cape Maclear mu 1875. A mpingo wa Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anatsegula Mvera mu 1889, pamapiri oyang'ana chigwa cha Salima. A Anglican a UMCA anali ku Likoma kuyambira mu 1885 ndipo kenaka anafika ku Nkhotakota, pamene Akatolika a White Fathers anamanga Mua mu 1902. Munthu akamabatizidwa ankalandira dzina latsopano, la m'Baibulo kapena la woyera wina. Kwa Mchewa zimenezi sizinali zachilendo, poti ndi mmene zinkakhaliranso potuluka ku chinamwali. Agule nawo anayankha mwa njira yawo: anatenga mayina a kutchalitchi n'kuwapatsa zilombo, ndipo mpaka lero Maliya ndi Simoni amavina m'mabwalo. Amene akufuna kuona zigoba zawo akhoza kupita ku nyumba ya Chamare ku Mua, pa malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976.

Mayina achihebri amene anabwera ndi Baibulo anamangidwa mofanana ndi a Chisilamu aja, pakuti Chihebri ndi Chiarabu ndi zinenero zapachibale. Kachidutswa kakuti El ndi Mulungu, ndipo Ya kapena Yo ndi chidule cha dzina limene Buku Lopatulika la mu 1922 limalemba kuti Yehova, pamene Buku Loyera la mu 1998 linasankha kulemba kuti Chauta. Danieli akunena kuti Mulungu ndiye wondiweruza. Mikaeli akufunsa kuti ndani angafanane ndi Mulungu, ndipo limeneli ndi dzina la Michael Sauka amene anapeka nyimbo ya fuko lathu, yomwenso ndi pemphero. Yohane akuti Yehova wachita chisomo, Mateyu ndi mphatso ya Yehova, Zekariya akuti Yehova wakumbukira, Eliya akuti Mulungu wanga ndi Yehova. Emanueli ndi Alinafe ndi dzina limodzi m'zinenero ziwiri. Obadiya ndi mtumiki wa Yehova, mbale weniweni wa Abdullah. Wansembe wa Anglican wachiyao amene anadzozedwa mu 1898, n'kutumikira ku Unangu m'chigawo cha Niassa, ndi kulemba buku la mbiri ya Ayao lotchedwa Chiikala cha Wayao la mu 1919, anali ndi miyambo yonse iwiri m'dzina lake: Yohanna Barnaba Abdallah. M'mayina onsewa, dzina la Mulungu silimaima lokha. Limakhala m'chiganizo chonena zimene Iye ali kapena wachita.

Dzina la Yesu lili ndi nkhani yakeyake pa gombe lino. Akhristu a kuno salipereka kwa ana, pakuti kwa iwo Yesu ndi Ambuye. Koma amapereka dzina la Yoswa kapena Joshua, lomwe pa Chihebri ndi lomwelo, lotanthauza kuti Yehova amapulumutsa. Anansi awo achisilamu amatcha ana awo Issa mosaopa chilichonse, chifukwa m'Chisilamu Issa mwana wa Mariamu ndi mneneri wolemekezeka, ndipo mayina a aneneri, monga Musa, Yusufu, Daudi ndi Ibrahimu, ndi oyenera ana. Mabanja awiri oyandikana nyumba akulemekeza munthu mmodzi, lina posapereka dzina lake, lina polipereka.

Chodabwitsa n'chakuti milungu yachilendo, imene amishoni sakanaivomereza, inalowa m'midzi yathu kudzera pa khomo la tchalitchi lomwelo. Chaputala choyamba cha buku la Danieli chimasimba za anyamata anayi achiyuda amene anatengedwa ukapolo kupita ku Babulo. Mayina awo anali Danieli, Hananiya, Misaeli ndi Azariya, onse otchula Mulungu wa Israeli. Mkulu wa kunyumba ya mfumu anawasintha kukhala Belitesazara, Sadrake, Mesake ndi Abedinego. Loyambalo likutchula Beli, mulungu wa ku Babulo, ndipo Abedinego ndi kapolo wa Nebo, mulungu wawo wa nzeru ndi zolembalemba. Tsono taonani mayina amene Amalawi tinawakonda. Shadreck ndi Misheck ali m'mudzi uliwonse, Abednego aliponso, pamene Hananiya ndi Misaeli ndi osowa. Tinatenga mayina a ku ukapolo, chifukwa ndi amene amatchulidwa m'nkhani ya ng'anjo ya moto, ndipo chimene makolo ankafuna chinali kulimba mtima kwa anyamatawo.

Mayina achingerezi ndi a oyera anabweretsa milungu ya Agiriki ndi Aroma. Dennis amachokera kwa Dionysius, munthu wa Dionysus, mulungu wa vinyo. Martin ndi wa Mars, mulungu wa nkhondo, yemwenso mwezi wa Malichi unatengera dzina lake. Diana ndi dzina lenileni la mulungu wamkazi wa ulenje ndi mwezi. Isidore ndi mphatso ya Isis wa ku Egypt. Masiku ano pali alaliki ena amene amaopseza anthu kuti mayina otere ali ndi ziwanda, n'kumawauza kuti mavuto awo a ndalama kapena a banja akuchokera m'dzina. Chiphunzitso chimenechi chimavulaza anthu, ndipo Chipangano Chatsopano sichili kumbali yake. Apolo, mlaliki wa ku Alexandria, anali ndi dzina lochokera kwa mulungu Apollo. Febe, mayi amene Paulo anamuyamikira kwa Akhristu a ku Roma, anali ndi dzina la m'chipembedzo cha Agiriki. Dionisio anakhulupirira uthenga wa Paulo ku Athens. Palibe pamene timawerenga kuti anawasintha mayina. Kholo la ku Chipoka limene linatcha mwana wake Martin linkaganiza za Martin woyera wa ku Tours, kapena Martin Luther, kapena malume ake a mwanayo amene anali munthu wabwino. Za Mars silinazimvepo.

Anansi athu

Mitundu ina ya mu Africa imatchula Mulungu poyera kuposa ife. Aigbo a ku Nigeria ali ndi Chukwuemeka ndi mayina ambiri oyamba ndi Chi, monga a alembi Chinua Achebe ndi Chimamanda Ngozi Adichie. Ayoruba ali ndi mayina oyamba ndi Olu kapena Oluwa, monga Olusegun Obasanjo, ndi enanso otchula milungu yawo monga Ogun ndi Sango. Ababemba a ku Zambia ndi amene amapatsa ana mayina enieni a mizimu ikuluikulu ya m'chilengedwe: Mulenga ndi dzina la mzimu wotere, ndipo Chishimba ndi mzimu wa mathithi a pafupi ndi Kasama. Amalawi amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe anabereka ana otchedwa Tinashe, Kudakwashe ndi Simbarashe, mmene she ndi Ambuye. Amene ali ku Joni lero akubwera ndi ana otchedwa Nkosinathi ndi Bonginkosi. Tinashe ndi Nkosinathi akafika kwa agogo awo ku Senga Bay amapeza kuti msuweni wawo Alinafe ali ndi dzina lomwelo.

Pamene malire asunthidwa

Dziko lino linayesapo kuveka munthu mayina oyenera Mulungu, ndipo sizinachitikire pa khanda. Dr Hastings Kamuzu Banda atabwerera kumudzi pa 6 Julaye 1958, anthu otopa ndi chitaganya anamulandira ngati mpulumutsi, ndipo mawuwo anakhazikika m'nyimbo ndi m'zoyankhula za pamisonkhano. Mu 1971 anakhala mtsogoleri wamuyaya. Mawu akuti Mpulumutsi ndi Wamuyaya ndi amene Akhristu amatchulira Mulungu Lamulungu lililonse. Munthu akapatsidwa mayina otere, kumutsutsa kumaoneka ngati mwano kwa Mulungu, ndipo ambiri anazunzika pa chifukwa chimenechi. A Mboni za Yehova, amene anakana kugula makadi a chipani, analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Umuyayawo unatha ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha mu 1994, ndipo mwini wake anamwalira mu 1997. Mantha a makolo athu pa dzina la Chauta anali ndi nzeru ya ndale m'kati mwake.

Pa zinthu zopanda moyo, dzina la Mulungu timalilemba mosaumira. Lili pa maboti a matabwa, pa maminibasi a pamsewu wa Salima ndi Lilongwe, pa magolosale ndi pa matebulo a ogulitsa mayunitsi. Msodzi amene amalowa m'madzi usiku m'nyengo ya mwera ali ndi chifukwa cholembera dzina la Mulungu pa boti lake. Boti silichimwa, silitukwana, siliimbidwa mlandu.

Chatsopano chikuchokera ku mipingo ya chipentekoste. Makolo achinyamata, makamaka a m'matauni, akutcha ana awo Jireh, Nissi, Shammah ndi Shalom, mawu amene amawamva m'nyimbo ndi m'maulaliki ataphatikizidwa ku dzina la Yehova. Ambiri amawatenga ngati mayina a Mulungu, koma m'Baibulo muli zina. Yehova Yire ndi dzina limene Abrahamu anatcha malo amene anapezapo nkhosa yopereka nsembe m'malo mwa Isake. Yehova Nisi ndi guwa limene Mose anamanga atagonjetsa Aamaleki, Yehova Shalomu ndi guwa la Gideoni, ndipo Yehova Shama ndi dzina la mzinda wa m'masomphenya a Ezekieli. Onsewa ndi mayina a malo okumbutsa zimene Mulungu anachita, choncho mwana wotchedwa Jireh sali kutali ndi Mphatso kapena Atupele. Zimasiyana pamene kholo lafika pa Adonai, Elohim kapena El Shaddai, amene ndi mayina a Mulungu mwini. Myuda wopembedza, amene Chihebri ndi chinenero cha mapemphero ake, sangapatse mwana mayina amenewa, ndipo dzina la zilembo zinayi limene Buku Lopatulika limalemba kuti Yehova salitchula n'komwe. Kwa ife mawuwa amamveka okoma chifukwa ndi achilendo, ndipo kulemera kwake sitikumva mmene timamvera tikati Namalenga. Kholo limene likufuna dzina lotere lingachite bwino kuyamba lalitembenuzira m'Chichewa, n'kuyesa kuliitana mokweza pakhomo monga mmene lidzaitanire mwanayo akadzalakwa, agogo ake ali pomwepo akumva.